Kodi Chrono Trigger ya 1995 ndi yoti munthu n'kuiyamba lero?

Kadzidzi92

Abale, ndithandizeni maganizo. Anthu akamakamba za magemu akale a ku Japan, aja oti umayenda ndi gulu lako, kumenyana ndi zilombo n'kumakweza malevulo, dzina la Chrono Trigger silisowa. Koma gemuyi inatuluka mu 1995. Kodi munthu amene sanaisewerepo ali mwana angaikonde, kapena oitamawo amangokumbukira ubwana wawo? Ndili ndi foni ya Android ndi laputopu yopanda mphamvu kwenikweni. Nditenge ya pati? Imatha maola angati? Chonde musandiululire mathero.

Nkhwazi_SNES

Isewereni achimwene, musakayike. Mbiri yake ndi yaikulu ndithu: kampani ya Square inasonkhanitsa Hironobu Sakaguchi amene anayambitsa Final Fantasy, Yuji Horii wa Dragon Quest, ndi Akira Toriyama wa Dragon Ball amene anajambula anthu ake. Nyimbo zambiri anapeka Yasunori Mitsuda, zina Nobuo Uematsu. Koma mayina okha sangakusungeni pa sikirini. Chimene chimaisunga gemuyi n'chakuti zinthu zotopetsa za m'magemu a nthawi imeneyo anazichotsamo.

Mu Final Fantasy VI kapena VII umangoyenda, mwadzidzidzi sikirini yasintha, nkhondo yayamba, mdaniyo sunamuone n'komwe, ndipo zimabwereza masitepe angapo alionse. Mu Chrono Trigger adani amaoneka pamalo pomwe ali. Ambiri mutha kuwalambalala, ena amakubisalirani pamalo okhazikika, ndipo nkhondo imachitikira pomwepo popanda kukutengerani kwina. Pa mapu aakulu oyendera pakati pa midzi palibe nkhondo ngakhale imodzi. Mukamamenya adani amene mwakumana nawo panjira, levulo yanu imakwanira boss (mdani wamkulu) wotsatira, simufunika kuzungulira malo amodzi kusaka mapointi. Nkhani yonse imatha pa maola 20 mpaka 25, ndipo mukachita ntchito zonse zapambali mutha kufika cha ku 30.

Nkhaniyo ndi ya kuyenda m'nyengo zosiyanasiyana za dziko limodzi: 1000 AD kumene mumayambira, 600 AD, 2300 AD, 65,000,000 BC ndi 12,000 BC. Chimene mwachita kale chimasintha zimene mudzapeze m'tsogolo, ndipo izi mumaziona ndi maso pa mapu, si za m'mawu chabe.

Tsono za kusankha. Yoyambirira ya pa SNES, makina akale a magemu a Nintendo, inatuluka ku Japan ndi ku America kokha. Ku Ulaya gemuyi inafika koyamba mu 2009 pa Nintendo DS, n'chifukwa chake anthu amene anakulira pa makina ochokera ku UK ambiri sanaione. Ya PlayStation 1 isiyeni. Inabweretsa makatuni okongola pakati pa nkhani, koma imaima kuwerenga disiki nthawi iliyonse mukatsegula menyu kapena nkhondo ikamayamba, ndipo timasekondi timeneto timapha liwiro lomwe ndi moyo wa gemuyi. Ya DS ambiri amati ndiyo yabwino koposa, koma katiriji yake yeniyeni ndi yosowa ndi yodula.

Kwa inu pali ziwiri: ya Android ndi ya Steam (sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta), zomwe ndi gemu imodzimodzi. Ya Steam itatuluka mu 2018 anthu anadandaula kwambiri chifukwa zithunzi anazisalaza ndipo menyu inali ya pafoni. Eni ake a gemuyi, Square Enix, anakonza zimenezi chaka chomwecho, choncho madandaulo akalewo asakuopseni. Laputopu yanu iikwanitsa bwinobwino. Mukalowa, pitani ku masetingi musankhe zithunzi za Original. Zosalazazo zimasiya mizere yoonekera pamene timatailosi ta pansi tikukumana, pomwe zoyambirira zinajambulidwa kadontho ndi kadontho kuti zigwirizane.

MayiWaRobo

A Nkhwazi anena zoona, ine ndiwonjezere za nkhondo, chifukwa apa ndi pamene oyamba kumene amagwa mphwayi.

Choyamba, gemu ikakufunsani Active kapena Wait, sankhani Wait. Munthu aliyense ali ndi kamzere kodzaza pang'onopang'ono, kakadzaza ndiye nthawi yake yomenya. Pa Active adani amapitiriza kukumenyani inu mukufufuza mankhwala m'menyu. Pa Wait nthawi imaima mukalowa mu mndandanda wa Tech (maluso apadera) kapena wa Item (mankhwala ndi zinthu zina). Dziwani kuti siima mukangokhala pa menyu yoyamba ija ya Attack, ndiye mukafuna kuganiza, lowani kaye mu Tech muganizire mmenemo. Izi mutha kusintha nthawi ina iliyonse.

Chachiwiri ndi ma Tech ophatikiza. Anthu awiri kapena atatu, mizere yawo ikadzaza onse, amaphatikiza maluso awo. Cyclone ya Crono, mnyamata amene mumayamba naye gemu, ndi Aura ya mnzake Marle zimapanga Aura Whirl, yochiritsa gulu lonse nthawi imodzi, ndipo kumayambiriro ndi imene idzakupulumutseni kawirikawiri. Crono ndi Frog ali ndi X-Strike yolasa mdani mmodzi mwamphamvu. Cholakwika chofala ndi kudina Attack msangamsanga munthu akangokonzeka, mnzake asanadzaze mzere, ndiye Tech yophatikizayo sipezeka. Dikirani kamphindi.

Pali chinanso chimene gemu sifotokoza bwino. Amene ali kunja kwa gulu la anthu atatu amalandirako EXP, mapointi okwezera levulo, koma salandira TP, mapointi ophunzirira ma Tech atsopano. Mukakakamira anthu atatu omwewo, tsiku limene nkhani idzakukakamizeni kutenga wina mudzapeza ali ndi levulo yabwino koma wopanda maluso. Muziwasinthasintha. Komanso Tech yophatikiza imaphunziridwa pokhapokha eni akewo atamenyera limodzi nkhondo imodzi ali nawo kale maluso ofunikawo.

Ma boss ambiri ali ngati mwambi, mphamvu zokha sizithandiza. Dragon Tank: yambani ndi mutu, chifukwa mutuwo ndi umene umachiritsa ziwalo zinazo. Guardian wa ku 2300 AD: gwetsani tizida tiwiri ta m'mbali kaye, mukamenya chapakati tiwirito tili moyo onse atatu amakubwezerani pamodzi. Heckran salasika ndi lupanga, amafuna matsenga, ndipo akaima n'kukuputani kuti mummenye, musammenye, gwiritsani nthawiyo kuchiritsa. Nizbel ndi zinyama zina zazikulu za ku 65,000,000 BC zili ndi khungu lolimba mpaka mutaziomba ndi Lightning ya Crono, koma Nizbel pakapita kanthawi amatulutsa magetsiwo pa gulu lonse, choncho HP, mphamvu ya moyo, isatsike kwambiri.

Magus ndiye amaimitsa anthu ambiri. Amasintha chotchinga chake, ndipo matsenga amtundu umodzi wokha ndi amene amamupweteka pa nthawiyo, ena onse amamuchiritsa. Werengani mawu otuluka pamwamba pa sikirini ndipo onani matsenga amene iye wangoponya: mubwezereni amtundu womwewo. Ngati m'gulu mulibe amene ali nawo, mmenyeni ndi chida kuti chotchingacho chisinthe. Frog azimutema ndi lupanga lake la Masamune, chifukwa kutemako kumatsitsa chitetezo chake ku matsenga.

Chiphaliwali

Ine sindikutsutsa kuti ndi yabwino, koma a Kadzidzi amve mbali inayo asanalipire.

Gemuyi ndi yophweka. Mukadziwa zimene a MayiWaRobo afotokozazi, malo ovuta atsala ochepa, ndipo chakumapeto ma Tech ena amasesa adani onse pa sikirini kamodzi. Munthu aliyense ali ndi maluso asanu ndi atatu okhazikika, simungamusankhire njira ina ngati mmene zilili ndi ma Job a mu Final Fantasy V kapena Materia ya mu VII. Ngati chimene mumakonda ndi kukhala ola lathunthu m'menyu mukukonza gulu, pano muona kuti n'zochepa.

Crono salankhula. Gemu yonse amangogwedeza mutu ndi kukweza dzanja. Kulemera kwa nkhani kuli pa Frog, Robo, Lucca ndi anthu a ku Zeal, ufumu wa mu 12,000 BC, ndipo zambiri za iwo zili mu ntchito zapambali za kumapeto. Wothamangira kumaliza amaphonya mbali yokoma koposa, kenako n'kumati nkhani yake ndi yosazama. Palibenso mawu olankhulidwa, zonse ndi zowerenga m'Chingerezi, ngakhale ndi Chingerezi chosavuta.

Palibe muvi wokulozerani kopita. Mukaisiya masabata awiri mudzaiwala chimene mumafuna. Mankhwala ake ndi mkulu uja woima pansi pa nyali ku End of Time, malo amene mumadutsa popita ku nyengo ina: mukasochera, mulankhuleni, amakukumbutsani.

Ndipo chenjezo langa lalikulu: Lost Sanctum. Malo amenewa munalibe mu gemu ya 1995, anawonjezera pa DS ndipo alimonso mu ya foni ndi ya Steam. Ntchito yake ndi kukwera ndi kutsika phiri lomwelo kambirimbiri kutumikira anthu, kumenyana ndi adani omwewo. Ndi zosemphana ndi mzimu wa gemu yonse. Ulendo woyamba musalowemo.

Kadzidzi92

Zikomo nonse. Kuphwekako sikundidetsa nkhawa, nthawi ndi imene ndilibe yambiri. Ndatsala ndi mafunso awiri. Pafoni popanda pad zimatheka? Ndipo pali zinthu zoti ndikaziphonya poyamba ndiye kuti zapita?

Nkhwazi_SNES

Pafoni zimatheka, popeza nkhondo zake ndi zosankha m'menyu. Vuto lili pa malo ochepa ofuna zala zachangu: kuthamangitsa khoswe pa zitsulo za ku Arris Dome, mpikisano wa njinga yamoto ndi Johnny, ndi timasewera ta pa chionetsero cha ku Leene Square. Gemuyi inapangidwira mabatani enieni, ndipo chala pagalasi chimaterereka. Ngati muli ndi pad ya Bluetooth, ilumikizeni. Apo ayi laputopu ndi kiyibodi ndi bwino kuposa galasi. Mitundu yatsopanoyi ili ndi autosave, yomwe imathandiza batire ikatha kapena magetsi akazima, komabe sevani nokha pa mapu aakulu, pomwe mutha kuseva paliponse, ndi pa timalo tonyezimira ta m'mapanga. Gwiritsani mafayilo awiri mosinthana. Muzikhala ndi ma Shelter atatu kapena anayi nthawi zonse, chifukwa imodzi imadzaza HP ndi MP (mphamvu yogwiritsa pa ma Tech) ya gulu lonse mukaigwiritsa pa malo osevera, ndipo malo osevera akaoneka mkati mwa phanga nthawi zambiri boss ali pafupi.

Mukafuna thandizo pa intaneti, samalani ndi mayina. Ya SNES inamasuliridwa ndi Ted Woolsey, ya DS anaimasuliranso, ndipo ya foni ndi ya Steam zimatsata yatsopanoyo. Zimene malangizo akale amati Tonic, kwa inu ndi Potion. Ma Tab ndi ma Capsule, Revive ndi Athenian Water, ndipo mtundu wa Mystics ukutchedwa Fiends. Anthu amasakasaka chinthu chomwe ali nacho kale m'thumba chifukwa cha zimenezi.

MayiWaRobo

Zophonya zilipo koma palibe yotseka njira yomalizira gemu. Nazi zofunika, popanda kuulula nkhani.

Pa chionetsero choyambirira gemu imaona khalidwe lanu mwakachetechete. Mukagundana ndi mtsikana, mulankhuleni iye kaye musanatole mkanda wake. Musadye chakudya cha mkulu chimene chili poteropo, mubwezereni kamtsikana mphaka wake, ndipo mtsikana wa mkanda uja akamasankha maswiti musamukoke. Zidzakumbukiridwa, ngakhale nkhani ipitirira mulimonse.

Pomwepo pali tenti ya Norstein Bekkler. Sewero la ma Silver Point 40 limapereka chidole chofanana ndi Crono, ndipo chidzafunika m'tsogolo. Mapointiwo apezeni pomenya Gato, loboti yoimba ija, yomwe imapereka 15 nthawi iliyonse. Mukalephera pano mwayi udzabweranso.

Mabokosi akuda osatseguka amene muziwaona m'nyumba ndi m'nkhalango asakuvutitseni, adzatseguka mkanda uja ukadzalandira mphamvu ku 12,000 BC. Apa ndi pamene pali phindu lenileni. Pitani ku 600 AD, gwirani bokosilo, likakufunsani ngati mutenge za mkatimo, kanani. Pitani ku 1000 AD mutsegule bokosi lomwelo, mupeza chida chokwezedwa mphamvu. Kenako bwererani ku 600 AD mukatenge choyambacho, mukhala nazo ziwiri. Mukayamba kutenga ku 600 AD, la ku 1000 AD limakhala lopanda kanthu, chifukwa mwalikhuthula kale zaka 400 zapitazo.

Ku Zeal kuli mayi amene wauzidwa kuti awotche kamtengo. Muuzeni akabzale mobisa, chifukwa ntchito yapambali ya nkhalango ya Fiona imadalira yankho limenelo. Pa Mountain of Woe muli miyala yamoyo yotchedwa Rubble, uliwonse umapereka TP 100. Imatseka ma Tech ndi ma Item anu n'kuthawa pakapita kanthawi, ndiye tengani anthu omenya molondola monga Crono ndi Ayla, ndipo imenyeni musanamalize phirilo chifukwa simudzabwererakonso. Ayla akaphunzira Charm, luso lolanda zinthu kwa mdani, muziyesa pa boss aliyense, ena amasunga zida zosagulitsidwa m'sitolo.

Chidebe chimene chili ku End of Time chimakufikitsani kwa mdani womaliza nthawi ina iliyonse. Musalowemo msanga, akupululani. Chilipo chifukwa gemuyi ili ndi mathero opitirira khumi malinga ndi nthawi imene mwamugonjetsa, ndipo ambiri mwa matherowo amafikika bwino pa New Game+, pomwe mumayambiranso nkhani muli ndi malevulo ndi zida zanu zambiri. Ulendo woyamba dikirani mpaka mkulu wa pansi pa nyali atakutchulirani ntchito zapambali zonse, muzichite, kenako mupite kukamaliza.