Ndikufuna kupita ndi bambo anga ku Kyoto koma bondo lawo limavuta, ndithandizeni maganizo

Abale anga pagulu pano, ndikudziwa kuti muno muli anthu oyendayenda, ena mukukhala ku Japan komweko. Ndigawireni nzeru.

Bambo anga anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ankaphunzitsa masamu ku sekondale. Ali mnyamata anagwira ntchito ndi Mjapani wina, mmodzi mwa odzipereka aja amene akhala akubwera kuno kuyambira 1971, ndipo kwawo kwa mnzawoyo kunali ku Kyoto. Adilesi inasowa kalekale, sitikupita kukamusaka ayi. Koma mdalayu dzina la mzindawu silichoka pakamwa, ndipo positikhadi ya kachisi wagolide uja, Kinkaku-ji, amaisunga mu Baibulo lawo. Ana tonse tasonkherana, wowaperekeza ndine.

Vuto ndi bondo lakumanja. Pamalo osalala amayenda bwinobwino ndi ndodo, koma pa masitepe ndi pachitunda amapuma pafupipafupi, ndipo ndi munthu woti sanena kuti watopa, umangoona nkhope yasintha. Ndalemba malo amene ndaona pa intaneti mpaka pepala ladzaza: Kinkaku-ji, Kiyomizu-dera, Fushimi Inari, nsungwi za ku Arashiyama, Nijo, Gion, kenako Nara. Nthawi yathu ndi sabata imodzi basi, kuphatikiza ya m'ndege. Ndiye pa malo amenewa, ndi ati amene munthu wa zaka za m'ma 70 wa bondo lotere angakwanitse, ndipo ndi ati ndingowachotseratu asanawaone pachithunzi n'kuyamba kukakamira? Komanso mchimwene wanga akuti tipite mu Epulo kukaona maluwa a sakura, ine mtima uli pa Novembala. Za ndege, viza ndi JR Pass, tikiti ya alendo yokwerera sitima za kampani ya JR imene aliyense akuitchula, amene mukudziwa musandibisire.

Wa ku Osaka:
Achemwali, pepala lanulo ndi la munthu wa zaka 25. Kyoto pamapu imaoneka yaing'ono, koma malo amene mwalembawo ali kumakona: Kinkaku-ji kumpoto chakumadzulo, Kiyomizu-dera kummawa, Fushimi Inari kummwera, Arashiyama kumadzulo kwenikweni. Chimene chimatopetsa okalamba ndi kuima m'basi yodzaza kuchoka kona ina kupita kona ina, kachisi mwiniwakeyo satopetsa. Malo awiri patsiku, amodzi m'mamawa, ena akadya n'kugona pang'ono. Mukapyola apo tsiku lachitatu adzakhala m'hotela akusisita bondo.

Kinkaku-ji musaichotse, poti ndiye mutu wa ulendo. Amatsegula 9 koloko, kulowa ndi 500 yen, ndipo mukhale pageti asanatsegule. M'nyumbamo salowa munthu, mumaiona muli tsidya la dziwe, ndipo malo a chithunzi chawocho si patali ndi polowera. Njira ndi ya timiyala ting'onoting'ono, masitepe ali chakumapeto potulukira, ndiye muziyenda pang'onopang'ono. Muwauziretu kuti nyumba imene adzaioneyo si yakale ija ya m'nthawi ya shogun (wolamulira wa asilikali) Ashikaga Yoshimitsu, ya m'ma 1397. Ija inatenthedwa ndi mmonke wachinyamata mu 1950, anamanganso mu 1955. Aphunzitsi sakonda kumva zoterezi kwa munthu wachilendo mwana wawo ali pomwepo.

Pali malo amene simunalembe koma ndi amene ndikanayambira: Sanjusangen-do, pafupi ndi siteshoni ya Kyoto. Ndi holo yamatabwa yaitali mamita 120, yosalala kuyambira polowera mpaka potulukira, ndipo mkati mwaima ziboliboli za Kannon, wachifundo wa chipembedzo cha Chibuda, zokwana 1,001, mizeremizere. Holo imene ilipoyi ndi ya 1266. Kujambula mkati n'koletsedwa, ndiye anthu amayenda mwaulemu, palibe wokugundani ndi foni. Nijo nayonso ndi yabwino kwa iwo: ndi nyumba yachifumu imene anaimangitsa shogun Tokugawa Ieyasu mu 1603, ndipo m'nyumba ya Ninomaru mumavula nsapato n'kuyenda pa matabwa amene amalira ngati timbalame mukaponda. Mu 1867 shogun womaliza analengezera momwemo kuti akubweza ulamuliro kwa mfumu. Sitima yapansi panthaka imaima pakhomo pomwe, siteshoni ya Nijojo-mae.

Kiyomizu-dera ndiye pali chitunda. Khonde lake lamatabwa, la 1633, lili mamita 13 kuchokera pansi ndipo analimanga popanda msomali, kuliona n'koyenera. Koma musayese kukwera wapansi kudzera ku Ninenzaka ndi Sannenzaka, misewu ya masitepe imene mumaiona pa zithunzi ija. Kwerani takisi ikakutsitseni kumtunda momwe ingafikire. Amatsegula 6 koloko m'mawa, nthawi imeneyo kumakhala bata, ndipo mkati muli njira yopanda masitepe imene anakonzera oyenda pa njinga za olumala. Fushimi Inari ine ndinganene kuti ichotseni.

Mayi wa ku Zomba:
Pa Fushimi Inari pokha sindikugwirizana nanu achimwene. Ine ndinapita ndi apongozi anga aakazi, nawonso miyendo ndi yovuta. Anthu amaganiza kuti ukapita kumeneko ndiye ukwere phiri lonse, mamita 233, maola awiri kapena atatu. Ayi. Zipata zofiira zothithikana zija zimayambira mmunsi, kuseri kwa kachisi wamkulu. Mumadutsamo mpaka pa kachisi wamng'ono wa Okusha, n'kubwerera. Masitepe alipo angapo koma si oopsa. Kulowa ndi ulere, satseka usiku, ndipo sitima ya JR kuchoka ku Kyoto ndi mphindi 5 zokha, mukatsika pa Inari chipata chili pamaso panu. Chongofunika ndi kuwauza kuti apa ndiye pothera, musawauze kuti njira ikupitirira.

Chimene ndikukuchenjezani ndi malo ogona. Mudzaona ma ryokan, nyumba za alendo zachikhalidwe, zokongola zedi, koma ambiri mumagona pa futon, matiresi oyala pansi, ndipo chakudya mumadyera pa tebulo lalifupi. Apongozi anga kugona anagona, kudzuka ndiye inali nkhani, tinachita kuwagwira awiri. Funsani chipinda cha bedi, chokhala ndi chikepe ngati chili m'mwamba, pafupi ndi siteshoni ya Kyoto kapena pa mzere wa sitima yapansi panthaka wa Karasuma. Nsapato zikhale zongolowetsa phazi, zopanda zingwe, chifukwa muzivula ndi kuvala tsiku lonse ndipo si paliponse pali benchi. Masokosi akhale okhuthala ndi osabooka, matabwa a m'makachisi amazizira.

Wa ku Osaka:
Mwandigonjetsa amayi, akafike pa Okusha basi. Koma apite isanakwane 8 koloko, masana m'zipata muja mumayenda mokankhana ndipo wa ndodo amavutika kwambiri.

Za nthawi, achemwali, inu ndi amene mukulondola. Sakura imaphuka chakumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo, imakhala pachimake pafupifupi sabata imodzi, ndipo tsiku lake limasuntha chaka ndi chaka. Inu tikiti mugula miyezi ingapo isanafike nthawiyo, mukhoza kupeza maluwa atayoyoka. Masamba ofiira amakhalitsa, kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala. Koma musaganize kuti mukathawa anthu, sabata ziwiri zomaliza za Novembala mahotela amadula ngati nthawi ya sakura yomwe. Kukanakhala kwa ine ndikanasankha kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala: kufiira kumakhala kusanafike pachimake, koma mpando m'sitima umapezeka. Kuzizira kwa m'mawa yerekezani Dedza mu Juni, ndipo Novembala akamatha dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko. Julaye ndi Ogasiti musayerekeze n'komwe, mzindawu uli m'chigwa pakati pa mapiri, kutentha kwake ndi kwa chinyontho, ngakhale kuli chikondwerero cha Gion Matsuri. Kumapeto kwa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi ndi Golden Week, dziko lonse lili pa holide.

Wogula magalimoto, Blantyre:
Asisi mukafika mundionereko ka Sienta kabwino, ndidzabweza. Nthabwala pambali, JR Pass isiyeni. Anaikweza mu Okutobala 2023, ya masiku 7 inafika 50,000 yen munthu mmodzi. Shinkansen, sitima yaliwiro, kuchoka ku Tokyo kupita ku Kyoto ndi pafupifupi 14,000 yen, kupita ndi kubwera simufika ndi 30,000. Komanso sitima yothamanga kwambiri, Nozomi, ya maola awiri ndi mphindi 15, a pasi amaonjezera ndalama kuti akwere. Amene akukuuzani za pasiyo anapita kale mitengo isanasinthe.

Ndege: Kyoto ilibe bwalo. Ethiopian imachoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre kupita ku Addis Ababa, kenako Narita ku Tokyo, koma imaima kaye ku Incheon, Korea. Mukatsika pa Narita muli ndi ola limodzi la sitima kukafika mu Tokyo, kenako Shinkansen. Kwa mdala ameneyo ndi ulendo wautali zedi. Onaninso mtengo wodzera ku Dubai kapena ku Doha n'kukatera pa Kansai ku Osaka, poti pamenepo sitima ya Haruka imakufikitsani ku Kyoto pa mphindi 75 osasintha. Mukadzera ku Tokyo, pemphani mpando E, kumanja popita, kukakhala kopanda mitambo adzaona phiri la Fuji. Ku Japan ali patsogolo ndi maola 7, tsiku loyamba musaikepo kachisi aliyense.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndikulemba. A ku Blantyre, Sienta muitanitse nokha. Nanga viza? Wina wandiuza kuti masiku ano ndi pa intaneti basi.

Wa ku Joni:
Pa intaneti ndi kwa ife okhala ku South Africa, UK ndi mayiko ena ochepa, amayang'ana kumene ukukhala mwalamulo. Inu a ku Malawi pitani ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe. Amafuna pasipoti, fomu, chithunzi, sitetimenti ya ku banki, umboni wa ndege, kalata ya kuntchito, ndi ndondomeko ya tsiku ndi tsiku yosonyeza kumene muzigona. Poti mukuwalipirira bambo, tengani chosonyeza ubale wanu. Aimbireni kaye akuuzeni zonse, ndipo musadikire sabata yomaliza. Za ndalama yakunja mukudziwa nokha momwe zilili kumudziko, yambani kusaka lero. Makina a mu 7-Eleven ndi a ku positi ofesi amalandira makhadi akunja, koma pa makachisi ambiri polowa amafuna ndalama yapamanja. Inshuwalansi ya chipatala musaisiye, ndi mdala ameneyo.

Adimini:
Tikukumbutsa: aliyense wobwera ku inbox kuti akukonzerani viza mukamupatsa kangachepe, tiuzeni timuchotse. Musaike zithunzi za mapasipoti pagulu pano.

Namwino wa ku Leeds:
Mankhwala a bondowo aoneni bwino. Japan ndi yokhwima pa mankhwala okhala ndi codeine kapena pseudoephedrine, ena mwa iwo timangogula pa famase kuno. Atenge kalata ya dokotala, mankhwala akhale m'mabokosi ake. Mankhwala olembedwa ndi dokotala opitirira a mwezi umodzi amafunika chilolezo chotchedwa Yunyu Kakunin-sho musananyamuke. Nyama iliyonse, youma kaya soseji, musanyamule, pa bwalo pali agalu onunkhiza. Pasipoti muziyenda nayo m'thumba nthawi zonse, ndi lamulo kwa alendo. Magetsi ndi 100V, mapulagi a mano awiri, gulani adaputala.

Mwini funso:
Pali china chimene ndimachita nacho manyazi kufunsa. Bambo ndi mkulu wa mpingo. Dzulo andifunsa ngati kumeneko adzawakakamiza kugwadira mafano, akuti ngati ndi choncho adzangoima panja.

Mayi wa ku Zomba:
Auzeni akhazike mtima pansi. Palibe amene amakuyang'ana. Ofuna kupemphera amaponya kandalama m'bokosi, kuwerama, pa kachisi wa Shinto, chipembedzo cha makolo cha ku Japan, amaombanso m'manja kawiri. Inu mumangodutsa chakumbali mwaulemu, osatsekereza opempherawo. Apongozi anga ndi a chigwirizano cha amayi, anayenda monse ndi kanyimbo kawo kapansipansi, palibe anawafunsa.

Ku Gion ndiye samalani ndi kamera. Tinjira tina n'ta eni ake, pali zikwangwani zoletsa kulowa ndi kujambula, chindapusa 10,000 yen, chifukwa alendo ankathamangitsa ma geiko ndi ma maiko, akazi osangalatsa alendo ndi magule ndi nyimbo zachikhalidwe, akupita ku ntchito. Yendani mu msewu waukulu wa Hanamikoji dzuwa likamalowa, ndi wosalala. Ku Arashiyama njira ya nsungwi ndi yaifupi, ndipo kuli anyamata okoka ngolo zonyamula anthu, bondo silingavutike.

Mwini funso:
Amayi, bambo anga kukokedwa pangolo ndi mwana wa mwini? Adzatsika kuti amuthandize kukoka. Arashiyama ndiyesa wapansi, akatopa tibwerera. Pakadali pano ndasiya Kinkaku-ji, Sanjusangen-do, Nijo, Kiyomizu-dera pa takisi, ndi Fushimi Inari mpaka pa Okusha. Nara ndikukayika, ngakhale akuti mzinda umenewo unali likulu mu 710, Kyoto isanatenge udindowo mu 794, ndipo mphunzitsi akamva zimenezo adzafuna kukaona. A ku Osaka, Nara ikutheka? Nanga masutikesi tizitani nawo?

Wa ku Osaka:
Ikutheka mukaipatsa tsiku lake lokha. Kwerani sitima ya Kintetsu osati ya JR, siteshoni yake ili pafupi ndi paki, ulendo wake sufika ola. Kuchoka pamenepo takisi kapena basi mpaka pafupi ndi Todai-ji, mukaone Buddha wamkuwa wa mamita 15, n'kubwerera. Agwape a m'pakimo akaona bisiketi zawo zija m'manja amakankha ndi mutu, ndiye bambo asagwire, mugwire inu, iwo atsamire ndodo chapatali. Masutikesi musakwere nawo basi ya mu Kyoto, mulibe malo. Pa bwalo la ndege pali makauntala otumiza katundu ku hotela, amafika mawa lake, ndiye zovala za usiku umodzi ndi mankhwala zikhale m'kachikwama kakumanja. Gulani makhadi awiri a ICOCA pa siteshoni, olipirira ulendo, muikemo ndalama muzingogunda pa sitima ndi pa basi. Mukakwera takisi musakoke chitseko, dalaivala amatsegula yekha, ndipo chenji mulandire yonse, tipu kuno salandira.