Mabedi a matabwa a m'mavidiyo aja, ku Area 25 kuno angatheke?

Nachisale_25

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Area 25 m'nyumba ya lendi, ndipo kuseri kuli kamalo ka mamita 6 mulitali ndi 4 mulifupi, pakati pa mpanda ndi chingwe choyanikira zovala. Mwana wanga wa ku Leeds ku UK sakundipumitsa ndi mavidiyo pa WhatsApp: mabokosi a matabwa odzaza dothi logula m'matumba, ndiwo zothithikana mpaka pansi osaoneka. Akuti mayi pangani zomwezi, musiye kugula mpiru kumsika. Kukhumbira ndakhumbira ndithu. Koma thabwa masiku ano ndi ndalama, komanso chiswe cha pano chinadya mpini wa khasu uli chiimire pakhonde. Dothi ndi katondo wodzaza zidutswa za njerwa ndi simenti zomwe amisiri anasiya. Dzinja madzi onse a padenga amathera pomwepo, pofika Okutobala khasu limachita kudumpha. Madzi ndi a pampopi, olipira. Ndikufuna mpiru, repu, chayinizi, anyezi ndi tomato pang'ono, za pakhomo basi, osati geni. Pa ulimi umenewu chofunika chenicheni n'chiti, nanga chongokongoletsa n'chiti?

Wadimba_Bvumbwe

Mayi, matabwawo aiwaleni, ameneyo ndiye wokongoletsa. Chimene chimabereketsa bedi ndi chakuti phazi lisapondemo. N'chifukwa chake mulifupi mwake musapitirire mita 1.2, kuti mukagwada mbali iyi kapena iyo dzanja lizifika pakati. Bedi logundana ndi mpanda likhale masentimita 60 okha, poti mulifikira mbali imodzi. Pamalo anuwo mutuluka mabedi awiri aakulu ndi kamodzi ka kumpanda, tinjira ta masentimita 40 pakati.

Tsono kutalika kwa bedi kumatsata nyengo. Ife kuno mvula ikayandikira mu Novembala timakweza bedi masentimita 15 mpaka 20, kukokera dothi la m'tinjira pamwamba, kuti mizu isamire. Mvula ikatha mu Epulo, bedi lomwelo timaligwetsa n'kukhala lolowa, pakati pozama pang'ono, m'mphepete muli kamzere kotchinga madzi. Bedi lokwera mu Okutobala limauma pamwamba ndi m'mbali momwe, muzidzathirira m'mawa, masana ndiwo zafota kale. Ndi madzi olipirawo mudzalira. Bokosi la matabwa silikulolani kusintha chonchi, likakhala lakhala.

Pobzala musachite mizere yotalikirana ya kumunda. Mbande zitatu zilizonse zikhale ngati mafuwa, mpiru ndi repu masentimita 30, anyezi 10. Zikakula masamba amakhudzana, pansi pamakhala mthunzi, udzu umalephera ndipo chinyezi chimakhalitsa. Koma dziwani kuti mbewu zothithikana zimadya kwambiri. Mukangozula, thiranipo kompositi kapena manyowa owola bwino musanabzalenso. Zitosi za nkhuku zaziwisi ayi, zimawotcha mbande usiku umodzi.

Achimwene_Luton

Bambo a ku Bvumbwe anena zoona. Ine ndili kuno ku UK ndipo ndili ndi mabokosi omwewo. Vuto la kuno ndi dothi lozizira ndi lonyowa. Bedi lokwera limatsika madzi msanga ndipo limafunda msanga chisanu chikamatha, munthu n'kubzala anzake asanayambe. Ku Lilongwe dothi lofunda mukulisowa? Mwana wanu akufunirani zabwino, kungoti mankhwala akutumizaniwo ndi a matenda a kuno.

Mphunzitsi_wopuma

Pamodzi pokha ndisiyane ndi a Wadimba. Ku Bvumbwe dothi lawo lalimidwa zaka ndi zaka, la mayiwa ndi la pa chimango. Kukweza kapena kugwetsa bedi pa katondo wogangatika sikuthandiza ngati pansi pali pouma gwa. Koyamba kokha mukumbe kawiri. Chotsani dothi la pamwamba lakuya masentimita 30 m'kangalande kamodzi, la pansi mulitakase ndi piki masentimita ena 30 osalitulutsa, muthiremo manyowa, kenako dothi la kangalande kotsatira ligwere m'koyambako, choncho mpaka bedi lithe. Ndi ntchito ya msana, pezani mnyamata wa ganyu, ndipo muthire madzi dzulo lake kuti pafewe. Zidutswa za njerwa musataye, ndandikani m'mphepete mwa bedi, chiswe sichidya njerwa. Za simenti zokha tolani mutaye kutali, ndipo phulusa musachulutse pamalo otero chifukwa simentiyo ili kale ndi laimu.

Za madzi a padenga, kumbani kangalande kowapatutsa, kapena ikani mgolo pansi pa malata. Bedi lokwera bwanji silingapirire madzi ogwa kuchokera padenga.

China, musalimbane ndi nyengo. Mpiru, repu ndi chayinizi zimakondwa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Dzinja nsabwe ndi mbozi zimazisautsa, tomato naye amagwidwa chiwawu. Nthawi imeneyo bzalani bonongwe, therere, khwanya ndi nkhwani woyanga pampanda, chisoso chimera chokha. Tomato asabwerere pamene panali tomato, tsabola kapena mabilinganya, mukadzazula mudzapeza mizu yotupatupa.

Nachisale_25

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso, ndipo ndalama ya matabwa ipita kwa waganyu ndi manyowa. A landilodi ndawafunsa, akuti limani bola musakumbe pafupi ndi maziko a nyumba. Kafunso kena: zophimbira. Ndikayala udzu pabedi si ndiye ndaitana chiswe chija kuphwando? Nanga madzi otsukira mbale ndi ochapira ndingathirire?

Wadimba_Bvumbwe

Chiswe chibwera, musakayike, koma chimayamba ndi zouma. Chikapeza udzu chimatangwanika ndi udzuwo, ndiye muziwonjezera ukamachepa, ndipo usagunde tsinde la mbewu, siyani mpata wa zala zitatu. Mbewu yothiriridwa bwino sichiikonda, chimalowa yomwe yayamba kale kufota. Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi otsukuluzira zovala thirirani, pansi osati pamasamba. A sopo wambiri, a mafuta ndi a Jik apite kudzenje.