Mayi wazaka 49 akungotopa, mayeso onse ali bho, ndimupatse chani?

Sista_wa_OPD: Anzanga ndithandizeni mutu waima. Mayi wazaka 49, msambo unasiya miyezi 8 yapitayo, akuti amadzuka ali wotopa kale, thupi kuwotcha, thukuta usiku mpaka kusintha zofunda. Hb (mlingo wa magazi) ili bho, shuga bho, malungo alibe, BP ilibe vuto. Wabweranso lero ndipo ine zomangomulembera ma multivitamin zandikwana.

Mkulu_wa_TB: Thukuta la usiku? Tengani makhololo asisi, muyeze TB pa makina a GeneXpert basi.

CO_wa_Night: Ine ndikuona ngati ndi estrogen ameneyo, homoni wa amayi uja. Akatsika si msambo wokha umasokonekera, ma mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'maselomu, amadaliranso iyeyo kuti apange mphamvuyo (ATP) bwinobwino, ndiye minofu ndi ubongo zimakhala ngati foni ya batire yakutha, mukaphatikiza kusagona chifukwa cha kutenthako munthu mphamvu azitenga kuti? Koma TSH, mayeso a chithokomiro aja, mwayeza? Chithokomiro chikafooka chimabweretsanso kutopa ndi kusokonekera kwa msambo.

Mkulu_wa_TB: Za ma mitochondria zisiyeni kukalasi achimwene. Makhololo.

Sista_wa_OPD: Sakutsokomola akulu, sanaonde, sikelo ikuchita kukwera.

Mzamba_Wakale: Miyezi 8 musafulumire kunena kuti wasiya kusamba, timadikira 12. Anali pa Depo? Jakisoni uja amaimitsa msambo. Komanso yezani mimba. Ine ndinalandirapo mayi wina wa zidzukulu kale, aliyense akuti ndi ukalamba, ndikuti ndimugwire pamimba mwana akusewera, mwamuna wake anangokhala pansi pakhonde osayankhula mpaka tinaweruka 😂

Wa_ku_Pharmacy: Musathamangire HRT (mankhwala obwezeretsa mahomoni) chonde. Ngati chiberekero chilipo estrogen payekha ayi, amakhuthalitsa mkati mwa chiberekero mpaka khansa, pamafunika homoni wina, progestogen, pambali. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, DVT (magazi kuundana m'mitsempha) kapena sitiroko musayerekeze n'komwe. Chitulukireni zotsatira za kafukufuku wa HRT wotchedwa WHI mu 2002 ambiri amangoyiopa, ngakhale kwa mayi wosakwana zaka 60 chiopsezo n'chochepa, koma history muitenge yonse kaye.

CO_wa_Night: Mufunseninso za nkhawa, amayi ambiri sanena okha. Ndipo aziyendako ndi kugwiritsa ntchito minofu, mafupa amatha msanga zaka zoyambirirazi.

Mzamba_Wakale: Akadzataya magazi itadutsa miyezi 12 ija musati msambo wabwerera, ameneyo ndi wa speculum (chounikira khomo la chiberekero) ndi referral.

Mkulu_wa_TB: Wina ankati sakutsokomola chonchi, tinamupeza nayo TB. Ine ndanena.

Wa_ku_Pharmacy: Akulu inu ma cartridge oyezera pa GeneXpert muli nawo? Kwathu kuno anatha.