Kuchokera ku Chileka kukatera ku Chelinda pa Cessna 172: ndidutse kuti?

Mphepo ya ku Chilomoni

Akuluakulu, ndikukonza ulendo wochokera ku Chileka kupita ku Chelinda, pa phiri la Nyika, m'mwezi wa Julaye, ndipo m'ndegemo tidzakhalamo anthu atatu. Maola anga ambiri ndaulukira kuno kummwera, pakati pa Blantyre, Zomba ndi Mangochi, kotero mapiri a kumpoto ndimangowadziwira pa mapu. Ndimaganiza zokatera ku Lilongwe kukawonjezera mafuta, kenako n'kulunjika pamwamba pa Viphya, koma mnzanga wina akuti ndi bwino kutsata gombe la nyanja. Inu amene munadutsako, mundiunikire.

Bambo Gondwe

Achimwene, musanasankhe njira yambani mwaganizira mwezi umene mwatchulawo. Julaye ndi nyengo ya chiperoni, ndipo mphepo yachinyezi imene imakuta Soche ndi Ndirande ndi nkhungu imachitanso zomwezo ikagunda mapiri a Viphya kuchokera kunyanja. Mungathe kunyamuka ku Lilongwe kuli dzuwa, koma pofika ku Chikangawa n'kupeza mitambo itakhala pansi mpaka kukhudza mitengo ya paini. Tonse tikukumbukira za pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya Dornier 228 yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa m'dera lomwelo kunja kuli koipa, ndipo tinataya Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima pamodzi ndi anthu ena 8. Sindikutchula izi pofuna kukuopsezani, koma kuti musankhiretu, mudakali pansi, malo amene mudzabwererepo ngati nsonga za mapiri sizikuoneka. Ine ndikanadutsa kunyanja.

Mayi Nachisale

Ndikugwirizana ndi a Gondwe pa za Viphya, koma za nyanjazo ndikukayika. Kuchokera ku Salima mpaka ku Nkhotakota gombe ndi lotakasuka ndithu, koma mukangopitirira Nkhata Bay, cha ku Usisya ndi ku Ruarwe, mapiri amatsetsereka mpaka m'madzi, ndipo injini itati yazima pamenepo palibe poti n'kutera. Komanso nyanja ili pa mamita osakwana 500 pamene Chelinda ali pa mamita oposa 2,300, choncho kukwera konseko kudzakudikirani kumapeto kwa ulendo, mbali imene mwera umaunjika mitambo.

Ine ndimadutsa kumadzulo: Kasungu, Mzimba, Rumphi. Kumeneko nthawi zambiri kumakhala kouma chifukwa chinyezi chimatsalira kum'mawa kwa mapiri, ndipo pansi pali minda ndi misewu. Choipa chake n'chakuti mphepo ikawoloka phiri imatsika ndi mphamvu, nthawi zina kuposa mmene Cessna 172 ingakwerere. Mukafika poti muwoloke phiri, mukhale mutakwera kale mafiti 2,000 pamwamba pake, ndipo muliyandikire mopingasa pa madigiri 45, kuti mukamva ndege ikukokedwera pansi mungokhota pang'ono n'kubwerera kuchigwa.

Bambo Gondwe

Mayi Nachisale akunena zoona za Usisya, ndinaiwala zimenezo. Ndionjezereko za Chelinda weniweniyo, chifukwa kutera n'kosavuta poyerekeza ndi kunyamuka. Bwalolo lili pa mafiti pafupifupi 7,700, pamene mabuku a zoulutsa ndege amayembekeza kuti kutentha kukhale pafupi ndi madigiri 0. Masana kukafunda kufika madigiri 20, mpweya umapepuka ndipo ndege imachita ngati ili pa mafiti 10,000, ndipo injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini) imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mafiti 1,000 alionse. Anthu atatu, zikwama ndi matanki odzadza, ndi katundu wochuluka pa bwalo losathiridwa phula. Werengerani mtunda wonyamukira m'buku la ndegeyo, muchepetse mixture (mlingo wa mafuta osakanikirana ndi mpweya mu injini) musanathamange, ndipo munyamuke m'mamawa kudakali chisanu.

Mphepo ya ku Chilomoni

Zikomo kwambiri makolo anga. Ndawerengera monga mwanenera, a Gondwe, ndipo ndaona kuti atatu sitinganyamuke bwino ku Chelinda, kotero mmodzi adzatsikira ku Mzuzu n'kukwera pa galimoto kudzera ku Rumphi. Ndidzatsata njira ya ku Kasungu ndi Mzimba, ndipo ndidzaimbira a zanyengo komanso a pa bwalo la Mzuzu ndisanachoke ku Lilongwe. Mayi Nachisale, chatsala n'chimodzi: mukachoka pa Rumphi, mumayamba kukwerera Nyika mbali iti?