Sikani yati masabata 10, bambo anafika masabata 8 apitawo

Womasulira, Rosettenville: Azamba ndi manesi muli muno, ndithandizeni. Dzulo ndimamasulira mayi wina wakwathu kusikelo. Sikani yaonetsa kuti pakati ndi pa masabata 10. Mwamuna wake nkhope inagwa pomwepo, akuti anafika ku Joni kuno kuchokera ku Mzimba masabata 8 okha apitawo. "Awiri enawo ndi a ndani?" Anesi anangoti zonse zili bwino n'kuitana wina, ine kukamwa yasa. Akubweranso Lachinayi, ndikawauze chiyani?

Mzamba, Hillbrow: Achemwali, banjalo lisathere masamu. Ife sitiwerengera tsiku limene anakhala malo amodzi, timayambira tsiku loyamba la kusamba komaliza. Dzira limatuluka patatha masabata 2 kapena kuyandikira pamenepo, ndiye n'kukumana ndi umuna. Choncho 10 yathuyo ndi 8 ya bambowo. N'chifukwa chake pakhadi timalemba masiku 280, pamene mwana amakhala m'mimba masiku pafupifupi 266.

Namwino, Mayfair: Zoona amayi. Abambo samva zapakamwa, ine ndimatenga kalendala. Ndimaloza sabata imene anafika, n'kunena kuti apa dzira lakumana ndi umuna m'chubu, kanjira kopita kuchiberekero, patatha masiku 6 mpaka 10 lakakhazikika m'chiberekero. Sabata yachinayi chikumanirane kamtima kayamba kugunda. Pokwana masabata 8 chikumanirane, timikono ndi timiyendo taoneka, tizala tomwe, kutalika masentimita 3 basi, ndipo timasiya kumutchula kuti mluza. Mwana wawoyo wafika pomwepo. Akamva za tizala ambiri amafewa.

Womasulira: Nanga akati makinawo ananama?

Mzamba: Miyezi itatu yoyambirira sikani imaphonya ndi masiku 5 mpaka 7 okha, poti nthawi imeneyi ana amakula mofanana. Ikachedwa ndi pamene imasocheretsa. Koma imvani achemwali, musakalumbire kuti mwanayo ndi wawo, si ntchito yanu ndipo simunaliko. Mukangoti masiku akugwirizana ndi nthawi imene anafika. Komanso muyambe mwamutengera mayiyo pambali, mumufunse ngati kunyumba kwagonedwa mwamtendere chichokereni kusikelo. Pakakhala zomenyana muwauze anesi tsiku lomwelo.

Womasulira: Zikomo amayi, kalendala ndichotsa ya pakhoma pangapa. Koma zoti "kusamba" pamaso pa bambo wa eni, lilime langa likulemera.

Mzamba: Mukati "kumwezi", amva.