Za ulendo wa London ndi Johannesburg uja

Mwezi watha ndinafunsa kuti ndege imatenga nthawi yaitali bwanji kuchoka ku London kukafika ku Johannesburg, poti ndinkafuna kukaona achemwali anga. Tsopano ndapita ndipo ndabwerako.

Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 9,000, ndipo ndege yosaima panjira imatenga maola ngati 11. Tinanyamuka pa bwalo la ndege la Heathrow ku London madzulo, n'kukatera pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg kutacha. Chinandisangalatsa n'chakuti tulo sitinasokonezeke kwenikweni, chifukwa ndege imangolunjika kummwera: mu Disembala mawotchi amasiyana ndi maola 2 okha, mu Julayi ola limodzi.

Inu amene munandilangiza zodzera ku Dubai, zikomo, mtengo unalidi wotsikirapo. Koma mumlengalenga mokha mumatha maola oposa 15, osawerengera odikirira ndege yachiwiri, ndiye ndi msana wanga wovutawu sindikanapirira.