Kodi foraminifera zingasonyeze kumene mwala wa piramidi unakumbidwa?

Akuluakulu odziwa za miyala, ndithandizeni nzeru. Ndikulemba ntchito ya kusukulu yokhudza miyala ya laimu imene anamangira mapiramidi a ku Giza, ku Egypt.

Mbali yodziwa zaka za miyalayi ndaimvetsa. Miyala yambiri ya mkati mwa mapiramidiwa ndi yodzaza ndi zigoba za Nummulites, mtundu wa foraminifera zikuluzikulu, zobulungira ndi zaphwatalala ngati khobidi. Tamoyo timeneti tinali ta selo imodzi yokha, ndipo tinkakhala pansi pa nyanja yosazama, yofunda. Tinachuluka kwambiri m'nyengo ya Eocene, zaka pakati pa 56 ndi 34 miliyoni zapitazo. Popeza mitundu yake inkasintha msanga, ukazindikira mtundu, monga Nummulites gizehensis, wadziwanso nthawi imene mwalawo unapangika.

Pamene pandivuta ndi apa. Miyala yamkati inakumbidwa pa Giza pomwepo, koma yoyera yosalala yokutira kunja inachokera ku Tura, kutsidya kwa mtsinje wa Nile. Yonseyi ndi ya Eocene. Nanga ngati zaka zake zikuyandikana chonchi, zigoba zokha zingasiyanitse bwanji malo awiriwa? Kodi mumawerenga kuchuluka kwa mitundu, kapena mumayang'ana kukula kwa timibulu ta mwalawo pa maikulosikopu?

China: madzi amatha kukokolola zigoba zakale n'kuzisiya m'matope atsopano. Chigoba chotere mumachizindikira bwanji kuti chisakunamizeni zaka? Kuperepeseka kokha sindikukukhulupirira kwenikweni.

Amene munagwirapo ntchito yotereyi, chonde ndiunikireni.